Tayala likaphulika tisanamizire mfuti ya mbalame

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndidapeza mkangano pamalo ena okonzera matayala kuno ku Katawa. Pambali pa msewu padaima pikapu itasenza madengu a tomato ndi matumba a mbatata ya kachewere ochokera ku Jenda. Amayi anayi, eni katunduyo, adali atazungulira dalaivala. Galimotoyo imayenera kulowa mumzinda wa Mzuzu kusanache, kuti amayiwo akapikulitse katundu wawo kumsika wa Zigwagwa ogula asanabalalike. Koma idafika dzuwa litakwera kale, tomato wa m'madengu apansi ataphwanyika, madzi ake akudontha pamsewu.

Dalaivala adafotokoza kuti tayala lakumbuyo lidaphulika m'nkhalango ya Chikangawa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndipo la sipeya lidalibe mpweya, choncho adadikira mpaka mnzake wina atamubwereka lake. Mpaka apa nkhani imamveka. Chomwe chidautsa mapiri pachigwa n'choti iye adati tayalalo silidaphulike lokha, adachita kuliwombera anyamata a mfuti za mbalame omwe amabisala m'mitengo ya paini. Ndiye poti ngoziyo sidali yofuna iye, amayiwo amayenera kusonkha ndalama yogulira tayala lina, apo ayi katundu satsika.

Mmodzi mwa amayiwo adafunsa modekha: "Adalaivala, mbalame zake ziti zowombera mumdima?" Anthu adaseka, koma dalaivala sadasinthe mawu. Mkulu wokonza matayala uja adachotsa tayalalo pa limu, n'kupisa dzanja m'kati, n'kulikutumula. Simudagwe kachipolopolo. Mudagwa fumbi lakuda la labala. M'mbali mwake mudali mutang'ambika mulingo wa chikhatho, timawaya tili panja. Kenako adaloza manambala anayi olembedwa m'mbalimo, 3112, n'kunena kuti tayalali lidapangidwa m'chaka cha 2012. Ngakhale zidali choncho, amayiwo adasonkhabe kangachepe, chifukwa tomato sadikira mlandu. Phindu la ulendo wonse lidathera pomwepo.

Aka sikoyamba kumva nkhani ya mfuti za mbalame. Ndidaimvapo kwa woyendetsa ngolo, ndidaimvaponso kwa wina amene adachita hayala thalakitala kuti ikamutulutsire chimanga kumunda. Sabata ino tiyeni tiione bwinobwino, chifukwa nkhani yongomveka ngati yocheza pabawo ikudya mpamba wa anthu. Kodi mfuti ya mpweya ingaboole tayala la galimoto yonyamula zokolola? Yankho langa ndi lakuti pa matayala a thalakitala, lole ndi pikapu, n'zovuta kwambiri, ndipo ngakhale itaboola, siingaliphulitse. Chomwe chimapha matayala athu ndi katundu wopyola muyezo, mpweya wochepa ndi ukalamba wa tayalalo.

Tiyambe ndi mfutiyo. Mfuti ya mpweya, yomwe ambiri timangoti mfuti ya mbalame, ilibe wonga. Mukaithyola pakati mumapanikiza sipuling'i yomwe ili m'kati. Mukawomba, sipuling'iyo imakankha mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umatulutsa kachipolopolo. Zambiri mwa mfutizi zimalandira tizipolopolo ta mamilimita 4.5 kapena 5.5. Ka 4.5 kamalemera pafupifupi theka la galamu, ngati njere ziwiri za chimanga, pomwe ka 5.5 kamayandikira galamu imodzi. Timapangidwa ndi mtovu, chitsulo chofewa moti mutha kuchikanda ndi chikhadabo. Kachipolopolo kotere kakamenya chinthu cholimba kamaphwatalala ngati batani.

Mphamvu ya mfuti amaiyeza m'muyezo wotchedwa joules. Ku England, mfuti ya mpweya yomwe munthu angakhale nayo popanda chiphaso siyenera kupitirira pafupifupi 16 joules, ndipo ku Germany malire ake ndi 7.5. Kuti timvetse, 16 joules ndi mphamvu ya paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ikagwa kuchokera pamutu pa munthu kufika pansi. Mfuti yaing'ono ya wonga, ya .22, imafika cha m'ma 150, pomwe AK-47 imafika cha m'ma 2 000. Mukuona kusiyana kwake. Komanso poti kachipolopolo ka mtovu n'kopepuka, kamataya liwiro msanga. Kakauluka mamita 40 kapena 50, mphamvu yake yambiri imakhala itatha. N'chifukwa chake alenje a njiwa amachita kunyang'ama kuti ayandikire.

Apa ndisamveke ngati ndikuti mfutiyi ndi chidole. Mphamvu yochepayo imathera pa kamalo kakang'ono, choncho imaboola khungu, imaswa diso, ndipo ikalasa pamalo oipa imapha munthu. Koma tayala si khungu.

Tayala la pikapu kapena la minibasi lili ndi zigawo. Kunja, komwe kumaponda pansi, kuli labala wokhuthala, wa mizere yozama pafupifupi mamilimita 8 kapena kuposa likakhala latsopano. Pansi pa labalayo pali malamba a mawaya achitsulo, kawirikawiri awiri, opingasana. Pansi pa mawayawo pali nsalu ya ulusi wolimba, kenako labala wina wosunga mpweya. Kachipolopolo kofewa, kolemera ngati njere za chimanga, kayenera kudutsa zonsezi. Nthawi zambiri kamangonjanja, kapena kukanirira m'labala wakunja osafika n'komwe pamawaya. Labala ali ndi khalidwe lakelake: mukamumenya amabonya pang'ono n'kubwerera, ndiye amameza mphamvu yambiri. Onjezerani kuti tayala la galimoto yoyenda limakhala likuzungulira, kachipolopolo sikalimenya molunjika koma mopaza.

Wina afunsa kuti, nanga msomali, womwe suuluka n'komwe, umaboola bwanji? Msomali ndi chitsulo cholimba chosongoka, ndipo umakhomedwa ndi kulemera kwa galimoto yonse. Gudumu limodzi la pikapu yodzaza limatsindira pansi ndi makilogalamu mazanamazana. Palibe mfuti ya sipuling'i yomwe ingafanane ndi nyundo imeneyo.

Tayala la lole ndiye losayamba. Lili ndi malamba a mawaya ochulukirapo, ndipo ambiri mwa matayala a malole akuluakulu ali ndi mawaya ndi m'mbali momwe. La kumbuyo kwa thalakitala lili ndi mano akuluakulu a labala otalika masentimita angapo, thupi lake n'la nsalu zingapo zosanjikizana, ndipo limayenda ndi mpweya wochepa poyerekeza ndi la lole, moti limabonya m'malo mobooka. Alimi ena amathiramo madzi kuti thalakitala ilemere ndi kugwira nthaka bwino. Adani enieni a tayala la thalakitala ndi ziputu zosongoka za m'minda yongothyola kumene, zitsulo zokwiririka, minga ikuluikulu, ndi dzuwa lomwe limaumitsa labala thalakitala ikangokhala panja miyezi yambiri kudikira nyengo yolima.

Kunena chilungamo, pali pomwe mfuti ya mpweya ingapambane. Tayala la njinga yakapalasa, ya kabaza kapena yonyamula makala, n'lopyapyala ndipo lili ndi chubu. Limenelo litha kubooka. Chimodzimodzi la wilibala. Ngolo zambiri za ng'ombe za m'boma la Mzimba zimayendera matayala omwe adatha kale ntchito pagalimoto, osalala, ong'alukang'aluka, a chubu m'kati. Munthu ataima pafupi n'kuwombera m'mbali mwa tayala lotere, atha kuliboola. M'mbali mwa tayala la galimoto yaing'ono namonso mulibe malamba a mawaya, ndiye ndi malo ofooka. Palinso mfuti zina za mpweya zodula, zomwe amazipopa ndi pampu yapadera kapena kuzidzaza kuchokera m'silinda, zamphamvu kuposa za sipuling'i. Zimenezo, pafupi, zitha kulowa m'mbali mwa tayala la pikapu. Koma si mfuti zomwe mungapeze ndi mnyamata wosaka njiwa kuseri kwa mudzi.

Ndipo apa ndiye pagona nkhani. Ngakhale kachipolopolo kataboola, kabowo kake kamakhala kakang'ono, ndipo labala amafinyika n'kukatseka pang'ono. Mpweya umatuluka pang'onopang'ono ngati mmene zimakhalira ndi msomali. Dalaivala atha kuyenda mtunda ndithu asanadziwe. Tayala lowomberedwa ndi mfuti ya mbalame limaphwa, siliphulika. Ndiye munthu akakuuzani kuti adamva chiphokoso, galimoto n'kuyamba kudzandira nthawi yomweyo, dziwani kuti chiphokosocho chidali cha tayala lenilenilo likung'ambika, osati cha mfuti.

Ubwino wake tayala silinama. Likachotsedwa pa limu limafotokoza lokha chomwe chidalipha, ndipo wamalonda aliyense atha kuphunzira kuwerenga zizindikirozi. Ngati lidawomberedwa, mupeza kabowo kozungulira, ndipo kachipolopolo kophwatalala kamakhala kakadali m'labala kapena kakugubuduka m'kati, chifukwa kalibe mphamvu yotulukira mbali inayo. Ngati ndi msomali, nthawi zambiri mumaupeza uli pomwepo. Chubu chikakhala ndi timabala tiwiri toyandikana ngati kuluma kwa njoka, ndiye kuti gudumu lidamenya dzenje kapena mwala, chubucho n'kupanidwa ndi limu. M'mbali mukatupa chotupa ngati dzira, ulusi wa m'kati udaduka kale, ndipo tayalalo likungodikira tsiku. Koma mukapeza fumbi lakuda la labala m'kati, m'mbali mutang'ambika motalika, tayalalo lidapsa chifukwa choyenda ndi mpweya wochepa kapena katundu wolemera. Izi ndi zomwe tidaona ku Katawa Lachiwiri lija.

Tayala limapsa motere. Likalemedwa, kapena mpweya ukachepa, m'mbali mwake mumapindika kwambiri nthawi iliyonse gudumu likazungulira. Tengani waya, mupinde uku ndi uku kangapo, mumva akutentha kenako athyoka. Tayala nalo limatero. Kuchokera ku Jenda kufika ku Mzuzu ndi mtunda woposa makilomita 100, wa zitunda ndi makona a ku Chikangawa. Gudumu la pikapu limazungulira maulendo pafupifupi 500 pa kilomita iliyonse. Werengani nokha kuti lapindika kangati lisanafike ku Zigwagwa. Wochokera ku Karonga ndi mpunga ali ndi chitunda cha Chiweta, wochokera ku Nkhata Bay ndi usipa kapena nthochi naye ali ndi chitunda chake. Kulikonse, tayala lolemedwa limafika litatentha.

Tsono tinene zoona zokhazokha: pa nkhani ya katundu wolemera, ife amalonda tili ndi mbali yathu. Timalipira pa thumba kapena pa dengu, ndiye timafuna thumba likhale lalikulu kuposa dzina lake. Thumba la kachewere timalisokerera chisoti pamwamba mpaka amuna awiri kulephera kulinyamula, koma polipira timati ndi thumba limodzi. Dalaivala naye, pofuna kubweza ndalama ya mafuta, amangolandira aliyense womuimika. Pamapeto pake ifenso timakwera pamwamba pa katunduyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa kulemera komwe lingasenze. Matayala ambiri a mapikapu ndi maminibasi amalembedwa 195R14C, kutsogolo kwake n'kulemba 106/104. Nambala ya 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi lisasenze zoposa makilogalamu 950. Likalembedwa 102 ndi makilogalamu 850, likalembedwa 100 ndi 800. Choncho matayala awiri akumbuyo a 106 malire awo ndi makilogalamu 1 900, ndipo mmenemo muli kale kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Pikapu ya tani imodzi idapangidwira matumba 20 a makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti takwezamo matumba 35, omwe ndi makilogalamu 1 750, pamwamba pake n'kukhalapo anthu 6 a makilogalamu 60 aliyense. Tafika 2 110, ndipo pafupifupi zonsezi zatsamira magudumu akumbuyo, tisanawerengere bodi ndi zitsulo za galimotoyo. Malire aja ndi a tayala labwino, lopopedwa mokwanira. Nanga la 2012? Pamenepa sipafunika mnyamata wa mfuti.

Sindikufuna kuti madalaivala aoneke ngati anthu oipa. Ambiri ndi anzathu, ndipo popanda iwo tomato wa ku Jenda angaolere kumunda. Matayala atsopano timaitanitsa kunja, ndipo kugula kwake kumalira ndalama zakunja. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Chilichonse chochokera kunja chidakwera, matayala ndi zipangizo za galimoto zomwe. Mwini pikapu amene kale amagula matayala atsopano awiri pachaka, lero amathamangira a kaunjika. Zimenezi n'zomveka. Chosamveka n'choti tayala la kaunjikalo likafa imfa yake yachilengedwe, mtengo wake augwetsere mayi wogulitsa tomato pomunamiza za mfuti.

Ndipo kaunjika wa matayala amafuna maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala litha kupakidwa polishi n'kuwala ngati latsopano pomwe labala wake adauma kalekale. Pali ena amene amasema mizere yatsopano pa tayala losalala ndi mpeni wamoto, zomwe zimasiya mawaya pafupi ndi msewu. Matayala okhawo olembedwa kuti REGROOVABLE, omwe kawirikawiri ndi a malole, ndiwo adapangidwa kuti atha kusemedwanso. Inu amene muli ndi kapikapu kanu, kapena njinga yamoto yonyamulira katundu, pogula yang'anani mawu akuti DOT m'mbali mwa tayala. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 3112 ndi sabata ya 31 ya 2012, 0822 ndi sabata ya 8 ya 2022. Makampani akuluakulu opanga matayala, monga Michelin, amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. M'kati mwa mizere mulinso timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Labala akadyeka mpaka kulingana ndi timeneti, tayalalo latha.

Musagule tayala la kaunjika lili pa limu. Uzani wogulitsa alichotse, mupise dzanja m'kati. Werengani zigamba. Bowo la pamalo oponda pansi limamatika bwinobwino ndipo tayala limagwirabe ntchito. Koma tayala lomatidwa kapena kusokedwa m'mbali, kapena loikidwa chidutswa cha tayala lina m'kati pobisa bala, silingadalirike pa galimoto ya katundu, chifukwa m'mbalimo ndimo mumapindika. Funsani mitengo malo atatu, ndipo pofananitsa musayang'ane mtengo wokha. Tayala la kaunjika la theka la mtengo lomwe litha pamiyezi itatu ndi lodula kuposa latsopano lomwe litha chaka chathunthu, tisanawerengere katundu amene adzaonongeke tsiku lomwe lidzaphulike.

Kwa ambirife amene tilibe galimoto koma timachita hayala, chitetezo chathu chili pa mphindi zisanu zoyamba, katundu asanakwere. Zungulirani galimotoyo. Onani ngati pali tayala lotupa, losalala kapena loonetsa mawaya. Pemphani kuona la sipeya, ndipo mulitsindire ndi phazi kuti mudziwe ngati lili ndi mpweya. Funsani ngati jeki ndi sipanala zilipo. Amayi aja sadachedwe chifukwa cha kuphulika kwa tayala kokha. Kusintha gudumu ndi ntchito ya mphindi 20 kapena 30. Adataya m'mawa wonse chifukwa sipeya idali yakufa. Ndikudziwa kuti ena timachita manyazi kufunsa, poopa kuti dalaivala atiyankha mwachipongwe kuti kodi ndinu a Road Traffic. Koma mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Mpamba uli pagalimotopo ndi wanu, ndipo moyo womwe wakhala pamwamba pa matumbawo ndi wanunso.

Chachiwiri, gwirizanani zonse musananyamuke, pamaso pa anzanu. Mtengo ndi uwu, nthawi yofika ndi iyi, ndipo tayala, mafuta ndi chindapusa cha pamsewu ndi za mwini galimoto. Mtengo wa hayala umaphatikiza kale kutha kwa matayala. Wogulitsa mandasi sauza wogula kuti asonkhe ndalama poti chiwaya chabooka. Ngati n'kotheka, lipirani theka ponyamuka, theka katundu akatsika. Lembani nambala ya galimoto m'foni, ndipo ngati mwalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, sungani uthengawo. Mukamayenda pagulu, sankhani mmodzi woti aziyankhula m'malo mwa onse, kuti dalaivala asamakunyengerereni mmodzimmodzi.

Chachitatu, tivomere kusiya matumba ena. Apa ndi povuta, chifukwa thumba lotsala ndi ndalama yotsala. Koma ngati amalonda asanu amene amaoda malo amodzi atagwirizana ndi dalaivala mmodzi wodalirika, n'kumamupatsa ulendo wotsimikizika kawiri kapena katatu pasabata, dalaivalayo sakhalanso ndi chifukwa chotolera katundu wa aliyense panjira. Mwina mtengo pa thumba ungakwere pang'ono, koma kufika ku Zigwagwa 5 koloko m'mawa ndi tomato wosaphwanyika kumabweza ndalamayo. Tonse tikudziwa kusiyana kwa mtengo wa dengu m'mamawa ndi mtengo wa dengu lomwelo masana, ogula ambiri atapita.

Zikachitika kuti tayala laphulika ndipo wina akuti lawomberedwa, musakangane pamsewu. Nenani kuti tayalalo likachotsedwe pa limu inu mukuona. Ngati kachipolopolo kalimo, kaoneka. Kakapezeka, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo wolipira ndi wowomberayo, osati inu. Kakapanda kupezeka, nkhani yatha. Dalaivala akakana kutsitsa katundu, pitani ku komiti ya msika kapena kwa atsogoleri a pasiteji pomwe amaimika galimoto yake. Madalaivala ambiri amaopa kutaya mbiri pasiteji kuposa kutaya tayala limodzi.

Ndili ndi mawunso kwa eni mfutizi, chifukwa ena mwa awerengi athu ali nazo zothamangitsira anyani ndi mbalame kudimba, ndipo ena amaganiza zoyamba geni yogulitsa mfutizo ndi tizipolopolo take. Ndidamvapo mlimi wina akunena kuti lole ikadzadutsanso m'munda mwake adzaiwombera matayala. Bambo, simudzaiimitsa. Chomwe chingachitike n'choti kachipolopolo kadzanjanja pa labala n'kubwerera komwe kachokera, kapena kupatukira mwana amene waima pambali. Tayala ndi chimodzi mwa zinthu zoopsa kwambiri kuziwombera ndi mfuti ya mpweya pa chifukwa chimenechi. Ndipo mukaswa galasi kapena nyali, kapena mukaboola tayala la njinga ya munthu, mwapalamula mlandu woononga katundu mwadala, womwe uli m'gawo 344 la malamulo a milandu a dziko lino. Mukavulaza munthu, mlandu wake ndi waukulu kuposa pamenepo. Nkhani za mfuti m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, ndipo ziphaso zimachokera kupolisi. Musanagule, musanalowetse m'dziko kapena kuika mfuti ya mpweya pa shelefu ya shopu yanu, yambani mwapita kupolisi ya Mzuzu mukafunse zofunika. Makolo, mfuti imeneyi musaisiyire ana okha.

Nkhani ya anyamata a mfuti imayenda msanga chifukwa imapepukira aliyense. Dalaivala savomera kuti adagula tayala lokalamba, mwini galimoto savomera kuti sadakonze sipeya, ndipo ife sitivomera kuti tidasokerera matumba. Mlandu umagwera munthu wosaoneka amene ali m'tchire, yemwe sangabwere kudzadziyankhira. Koma bodza lotere lili ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi amene ali ndi mphamvu zochepa paulendowo. Lilinso ndi ngozi ina: tsiku lina anthu okwiya adzagwira mwana wa eni ake ali ndi mfuti yake ya njiwa m'mbali mwa msewu, n'kumulanga pa tayala lomwe lidafa ndi ukalamba.

Ndisanachoke pamalo paja, mayi amene adafunsa za mbalame za mumdima adapempha mkulu wokonza matayala kuti amuonetsenso pomwe pamakhala manambala anayi aja. Adawerama, n'kuwawerenga ndi chala, kenako adazungulira pikapu yonse kuwerenga matayala otsalawo, dalaivala akungoyang'ana kumbali. Adapeza lina la 2014. Loweruka akubwereranso ku Jenda kukaoda, ndipo adati ulendo uno ayamba wawerenga matayala asanafunse mtengo. Inunso chitani chimodzimodzi sabata ino, muone kuti mpamba wanu ukuyendera matayala a chaka chanji.